Chulu cha pa Zenera

Chikhazikitsireni lamulo lomata mazenera chifukwa cha fumbi, nyumba iliyonse m'mudzi muno ili ndi zenera limodzi lamagetsi loonetsa chithunzi cha panja. Makina ake amafunsa ngati mukufuna kungowalitsa chithunzicho kapena kuchikongoletsa chonse.

Tinyade anasankha kukongoletsa chonse, poti bambo ake, a Gwaza, matenda anali atawagoneka pamphasa. Pachithunzipo, phiri louma la panja linabiriwira, mathithi akutsika pakati pake.

A Gwaza anayang'ana kamodzi n'kutembenukira kukhoma. Phala analikana.

"Bambo, simunakondwe nacho?" anafunsa Tinyade. "Kwa a Nachisale anaikamo mpaka mbidzi."

"N'kokongola, mwana wanga, koma sindikukudziwa kumeneko. Chulu chija chili kuti?"

"Makina achichotsa. Akuti chimaipitsa chithunzi."

"Malemu mayi ako ankayanika makaka pamenepo. Ndikamachokera kudimba ndinkayamba kuona mpango wawo pachulupo, ndiye ndinkadziwa kuti ndafika."

Tinyade anagwada pazenerapo n'kuyamba kubweza zinthu chimodzichimodzi. Mathithi anaphwa, msipu unauma, phiri linabwerera kufiira kwake. Chulu chinatulukira pambali pa kanjira, chogumuka mbali imodzi monga chilili. Iye anangowonjezera kuwala pang'ono kuti maso okalamba asavutike, n'kupungula fumbi lomwe linkabisa kanjirako.

"Basi, usakhudzenso," anatero a Gwaza. Anatsamira chigongono n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. "Zikomo, mayi. Wandibweza kwathu."

Kenako anatambasula dzanja, maso akadali pachulu.

"Kodi phala lija lazizira?"