Makiyi a Kalabu ya Abdulkarim

Ramadhani ankatola nkhomo m'dzenje la bawo. Patsogolo pake panali Binali, mwana wa mlongo wake, maso ali pathabwa. Abale anawaunjirira pakhondepo mpaka mpweya kuchepa.

Kalabuyi anaiyambitsa ndi bambo ake a Ramadhani, a Abdulkarim, mu 1938, azungu atawabweza pageti la kalabu yawo. Mkuluyo anabwerera kwawo kugombe la Salima, n'kulambula kuseri kwa nyumba, n'kuimika zigoli za mpira, n'kumanga khonde la bawo ndi tiyi. Zonsezo anazinga ndi mpanda wa bango. Olowamo anali apabanja okha. Asanatsikire kuli chete, analumbiritsa ana ake atagwira Korani: wosunga makiyi a kalabuyo asagone kunja kwa mpanda, ndipo makiyiwo azipita kwa wopambana bawo tsiku lotsatira Idi.

Ramadhani anawatenga mu 1942, ndipo kuchokera pamenepo panalibe womugonjetsa. Anzake anapita ku Joni ndi ku Halale, n'kubwerako ndi njinga ndi majekete. Iye anali momwemo, kusoka mpira, kudzutsa mpanda mwera ukaugwetsa, kuyanjanitsa azisuweni okangana chifukwa cha chigoli. Mkazi wake Sakina anatopa nazo, n'kutenga ana kupita kwa amayi ake ku Chitala. Anthu ankati mwamunayo wasankha makiyi.

Tsopano chinali chaka cha 1954, tsiku lotsatira Idi, ndipo Binali sanali munthu wosewera naye. Asodzi a ku Mbenji ankakana kukhala naye pabawo. M'mawa wa tsikulo Ramadhani anachedwa kudzuka pamkeka wopempherera.

"Amalume, tikudikira inu," anatero Binali.

Ramadhani anapukuta thukuta n'kuyendetsa nkhomo zake. Abale anapumira m'mwamba. Ramadhani anali atasiya mzere wake wakutsogolo poyera, malo oti ngakhale wophunzira kumene akanadya.

"Akalamba basi," wina ananong'ona. "Lero makiyi apita."

Binali anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Kenako anatola dzenje lakumapeto, n'kuyenda, n'kukathera popanda kanthu.

Anazungulira choncho mpaka mithunzi kusuntha. Ramadhani anaphonyanso kawiri, makiyi akulira m'chiuno mwake nthawi iliyonse akawerama. Pomaliza anatsala ndi poyendera pamodzi pokha. Anafunafuna pena, osapeza. Anatola nkhomozo, ndipo zinadya dzenje ili, n'kudya linalo, mpaka mzere wa Binali unatsala mbee.

Khonde lonse linaphulika. Amayi analulutira, achinyamata n'kumenya zitini pamipando.

"Mashallah! Palibe wina ngati Ramadhani!"

Ramadhani sanadzuke. Anthu atakhamukira kubwalo la mpira, iye anagwira Binali pamkono.

"Iwe Binali, ndakutsegulira njira katatu konse kuti undidye, ndichoke muno ndikaone ana anga. Sunaone?"

Binali anayang'ana pansi.

"Ndinaona, amalume. Onse amene mwasewera nawo zaka zonsezi ankaonanso. Koma ndani angafune kupambana? Ine Lachisanu ndikukwera sitima pa Chipoka."