Malaya Obiriwira

"Chepetsani ming'aluyo, mayi," anatero bwana wa fakitale akuloza pakompyuta. "Madzi sangathamange chonchi m'thanthwe."

Mayiyo, katswiri wa madzi apansi panthaka, anayang'ananso chithunzi cha pakompyutapo. Chithunzicho chinkaonetsa asidi wa m'dziwe la zonyansa za fakitale akudya thanthwe, ming'alu ikukula, poizoni akulunjika ku mjigo wa kunyumba za antchito. Koma nyumba imene ankagonamo inali ya fakitale, mwamuna wakenso ankagwira ntchito pomwepo. Akanalowera kuti?

Anaichepetsa ming'aluyo mpaka kompyuta inavomera kuti poizoniyo adzafika onsewo atafa kalekale.

"Basitu!" anaseka bwanayo. "Utoto wobiriwira munathira m'dziwe uja, woti muone kumene madzi amapita, adzauona ndi adzukulu anu."

Katswiriyo atafika kunyumba anapeza apongozi ake akuyanika zovala, nkhope ili ndwii.

"Inu, sopo munagulayu ngwachabe! Taonani malaya a mwana wanga."

Malaya onse oyera anali atabiriwira. Pakhonde, kamwana ka katswiriyo kanapendeketsa kapu n'kugugudiza madzi onse a pamjigo, kenaka kanati, "Amayi, ndionjezereni."