Kanyenyezi Koyamwa Chinzake

"Taonani apa, alamu," anatero katswiri wina wa zakuthambo, akukankhira kompyuta pakati pa mbale.

Mlamu wakeyo anabwera chaka chatha kuti angogona usiku umodzi, koma mpaka lero anali asanalione khomo lotulukira. Kumuthamangitsa poyera kunali kovuta, ndiye katswiriyo anaganiza zomulasa ndi fanizo.

"Kanyenyezi aka n'kakufa kale, koma kanakakamira pa chinyenyezi chachikulu ichi. Kamayamwa mpweya wa chinzakecho osapuma, ndipo kakamameza kamatulutsa kuwala kwa ekisire kumene makina athu amajambula. Kamawala ndi thukuta la eni ake."

"Kopanda manyazi kameneko," anatero mlamuyo, akuwonjezera nyama m'mbale mwake.

Mkazi wa katswiriyo anali atangofika kuchokera kuchipatala, asanavule n'komwe yunifomu. Chiyambireni kafukufuku wa mwamuna wakeyo, ntchito yake ya unamwino ndiyo inkadyetsa nyumba yonse. Anawerama n'kuchiyang'anitsitsa chithunzi cha pakompyutapo, kenako anayang'ana mchimwene wake, n'kumalizira mwamuna wake.

"Bambo, makina anuwa akaonetseni kwa okonza," anatero. "Toyamwa chinyenyezi chimenechi tilipo tiwiri."