Kakapu ka Khofi Kamene Kanachotsetsa Ghassan Ntchito

Panali munthu wina kuno mumzinda wa Irbid, dzina lake Ghassan, amene ankagwira ntchito yoyankha mafoni pa kampani ina yotumiza katundu. Mliri wa kolona utavuta, abwana anagawa makompyuta kuti aliyense azigwirira kunyumba. Anachenjezeratu kuti malonda alowa pansi, ndiye amene foni yake izingolira osayankhidwa ndi amene ayambe kuchotsedwa.

Mkazi wake Suhad anamuuza kuti aike kompyutayo kuchipinda n'kumadzitsekera. Iye anakana, ati intaneti imagwira bwino pabalaza.

M'nyumba ya pamwamba pa yawo munkakhala bambo aakulu a Ghassan, a Abu Tawfiq. Mizikiti inali yotseka, anzawo ocheza nawo osaoneka. Tsiku lina m'mawa anatsika n'kumupeza Ghassan ali pakhomo nthawi ya ntchito, ndevu zosameta, atavala zogonera. Anangomuyang'ana osafunsa kanthu, n'kukhala pansi. Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku ndi tsiku.

Paja kwathu kuno mlendo akafika, mwini nyumba amaimirira n'kumamuthirira khofi, ndipo sasiya mpaka mlendoyo atagwedeza kakapu kusonyeza kuti zakwana. Koma madalawa kugwedeza? Ayi ndithu. Ankangomwa pang'onopang'ono, uku akusimba za ku usilikali zomwe aliyense anatopa nazo. Foni ikalira, Ghassan ankaitsitsa mawu mwamanyazi n'kuthiranso khofi.

Suhad anamukokera kukhitchini. "Bambo a Layan, auzeni kuti muli pa ntchito. Azibwera madzulo, chavuta n'chiyani?"

"Ndithamangitse mkulu wa malemu bambo anga? Anthu andiona bwanji? Iwe za amuna zisiye."

Abwana anamuchenjeza, iye ananamizira intaneti. Anamuchenjezanso, ananamizira magetsi. Ana nawo sukulu inali yotseka, phokoso lokhalokha, moti ngakhale mafoni ochepa amene ankayankha, makasitomala ankadandaula kuti sakumvana naye. Munthu anayamba kuwonda, chakudya osalowa, koma madala aja osawauzabe.

Mapeto ake abwana anaimba okha. Anamuuza kuti anzake akuyankha mafoni kuwirikiza iye, choncho abweze kompyuta. Ntchito inathera pomwepo, m'chaka choti kulikonse ankachotsa anthu.

M'mawa mwake a Abu Tawfiq anatsika monga mwa masiku onse n'kumupeza atagwira mutu. Atamva kuti ntchito yatha dzulo, anadabwa kwambiri.

"Dzulo? Kodi siinathe kalekale? Mwana wanga, ine nditakuona uli pakhomo ndinati akuchotsa koma ukuchita manyazi kunena. Ndinkabwera kuti usakhale wekha ndi maganizo. Khofi ameneyu adokotala anandiletsa, ndinkangomwa chifukwa cha iwe. Bwanji sunandiuze?"

Madala aja anagwedeza kakapu kopanda kanthu, n'kukaika patebulo, n'kukwera kwawo misozi ili m'maso. Mpaka pano Ghassan akadali pakhomo, ndipo pabalaza paja sipabweranso mlendo. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa onse awiri ankafunirana zabwino.

Phunziro: Ukamagwirira ntchito kunyumba, uza abale ako mwaulemu kuti uli pa ntchito, chifukwa sangalote. Manyazi sadyetsa ana, ndipo mkazi wako akakulangiza uzimva. Tumizirani ena uthengawu, mwina wina amene akuthira khofi pa nthawi ya ntchito apulumuka.