Chitsulo Chosalala

Dokotala anaika m'mbale chitsulo chimene anachotsa m'chiuno mwa bambo wina wokalamba.

"Thupi lawo lachikana," anauza mwana wawo wamkazi. "Zimachitika."

Mwanayo, mayi wamkulu ndithu, anachinyamula n'kuchisisita ndi chala. Chinali see, ngati supuni. Zaka khumi ndi ziwiri wakhala akuviika zitsulo zoterezi mu asidi kufakitale, kuti zizikhakhala, fupa lipeze pogwira. Ichi sichinalawepo asidi.

Anachitembenuza. Nambala yake inali ya kuntchito kwawo, ya sabata ija makina oviikira anafa. "Pakirani basi," anatero kapitawo tsikulo. "Zikalowa m'thupi adzaziona ndani?" Iye anangoti, "Chabwino, bwana," n'kumata makatoni.

Bambo ake anabuula pabedi, mwendo uli gone ngati si wawo.

"Usawaimbe mlandu adokotala, mwanangu," ananong'ona. "Mafupa angawa ndi amene atha. Anzanga onse m'wodi muno ndawauza kale kuti asaope, zitsulozi umapanga ndiwe."

Mayiyo anayang'ana mabedi asanu ndi awiri a m'wodimo. Odwala onse ankamumwetulira.

"Imwani madzi, bambo," anatero.