Jekete la mu Okutobala

Eveles sanasiye kuseka chifikire mlongo wake Goodman dzulo. Ngakhale pano, pabenchi la kachipatala ka ku Chiringa, ankasekabe. Zaka zisanu ndi zinayi ku Joni! Anauza aliyense pamzere, ena kawiri. Anawaonetsa wotchi ya Goodman, nsapato zake, mpaka chitenje chimene iye mwini anavala, chomwe anakagula ku Milanje, kutsidya kwa malire, masabata awiri apitawo kuti adzamulandirire nacho. Paulendowo anagona pakhonde la sitolo, koma taonani maluwa ake! Lero maluwawo ankachita ngati akuvina. Nalo phiri la Michesi linkagwedeza mapewa.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya mumtima. Dzuwa la Okutobala likung'amba nthaka, Goodman anali m'jekete lachikopa mpaka m'khosi. Ndipo Eveles akamugwira pamkono ankamva kunjenjemera. Mayi awo anayamba chomwecho chaka chatha. Lolemba anati n'kutopa chabe, Lachinayi anaikidwa m'manda. Goodman analira malirowo patelefoni.

N'chifukwa chake anamukokera kuno, mwiniwake akulumbira kuti ali bwinobwino.

A Thomson, oyeza magazi, atatulutsa kasingano, Goodman anabisa manja m'matumba.

"Achimwene, munthu wowoloka Limpopo n'kumaopa kaminga aka?" Eveles anaseka mpaka misozi. "Taonerani ine."

Anapereka chala chake. A Thomson anabaya, n'kumuyang'ana kumaso pang'ono, kenako anapaka dontholo pakagalasi m'malo molipukuta. Naye Goodman anapereka chake atatsinzina.

Podikira zotsatira, Eveles anakonzeratu zonse mumtima. Mapilitsi atatu a Fansida pompano, iye akuona. Akakanika, jakisoni wa kwinini. Adzamufunditsa bulangete la mayi lija. Uyu yekha malungo samutenga.

A Thomson anatuluka ndi timapepala tiwiri n'kufunsa amene wabwera kumene kuchokera kuulendo. Eveles analoza Goodman monyadira.

"Ku Joni kulibe malungo, mayi, komanso awa afika dzulo. Magazi awo alibe kanthu. Jeketelo ndi matama chabe." Anayang'ana chitenje chija. "Koma tizilombo ta ku Milanje tadzaza kagalasi kanu. Anesi akukukonzerani bedi."

Eveles anafuna kusekanso. Anachotsa dzanja pamkono wa Goodman. Mkonowo unali phee. Dzanja lake ndi limene linapitiriza kunjenjemera.