Kamtanda Kabodza

Foni ya bambo ake a namwino wina inali itayambanso misala. Namwinoyo, amene anabwera ndi bambo akewo, anaiika pa tebulo la wokonza mafoni, pakati pa timawaya ndi magalasi osweka, iyo ikungodziimbira nyimbo za juga.

"Yadwalanso?" anafunsa wokonzayo, akumupukutira mpando ndi mkono wa malaya. "Khalani apa, anamwino. Madala, benchi yanu ija ikukudikirani."

Bambowo anakhala, chipewa pabondo, nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi.

Matenda ake anali omwe aja. Akamawerenga vesi la m'mawa pa foni, pankatumphuka uthenga wofiira: foni yanu yagwidwa ndi mavairasi, dinani apa msanga! Pakona pankakhala kamtanda kooneka ngati kotsekera, koma ukangokadina, walowetsa masewera a juga ndi zithunzi za mankhwala omeretsa tsitsi. Namwino anali atawaphunzitsa mpaka kusasa mawu. Iwo ankavomera ndi mutu, kukacha n'kudinanso.

Chimene chinkamudya mumtima sichinali foni. Kuchipatala anali ataona okalamba ambiri amene kuiwala kunawayamba chonchi, pa tinthu tating'ono. Atapempherera nkhaniyi, anamanga mfundo: lero awalande foniyo, awagulire ya mabatani, kenako akawaonetse kwa dokotala.

Wokonzayo ankachotsa zinyalalazo mosapupuluma. Anamuthirira namwinoyo tiyi wopanda shuga osamufunsa n'komwe.

"Foni iyi ikadzachira, ine ndidzadwala," anatero, maso ali pa ntchito. "Loweruka kwaya yathu ikuimba. Kumasowa anthu owomba m'manja."

"Manja anga ndi obayira jakisoni," anayankha namwino. Anazindikira kuti akuseka, ndipo manyazi anamugwira. Anadzuka n'kupita pa kabati yagalasi kukasankha foni ya mabatani.

Ali chomwecho, munalowa mayi wina atanyamula foni ngati khala lamoto. Anakhala pa benchi akudandaula kuti yamuuza kuti izima akapanda kudina. Namwino anamva mawu a bambo ake kumbuyo kwake, otsika koma akuthwa.

"Ayi mayi, chotsani chala! Kamtanda ako n'kabodza, ndi msampha. Dikirani pang'ono, kenikeni katulukira mbali inayi, kotuwa, kakang'ono ngati nsabwe. Ako! Dinani tsopano. Anthu amenewa amadyera mantha athu."

Namwino anatembenuka pang'onopang'ono.

"Bambo! Ndiye kuti mumadziwa?"

Bambowo anayang'ana kudenga, kenako kwa wokonza mafoni, amene anali atasiya ntchito kukamwa kuli yasa.

"Mwanangawe, iwe njira yako ndi ya kuchipatala ndi kunyumba basi," anatero akuvala chipewa. "Mnyamatayu ndi wopemphera, sanakwatire, koma ndi wamanyazi. Chikhala kuti sindinkadina mabodza aja, ukanabwera kuno kudzatani?"